Kodi Pepala Lingapepese?

Galimoto ziwiri zikagundana, phokoso la zitsulo silikhalitsa. Chimene chimakhalitsa ndi mawu amene eni ake amayamba kulankhulana akangotsika. Akuluakulu amene anayamba kalekale kugwira chiwongolero amati mawu oyamba ankakhala akuti, "Pepani, mwavulala kodi?" Masiku ano m'misewu yathu mawu oyamba amakhala ena: "Musadandaule, ndili ndi seguro." Wina amaonjezapo kuti, "Mukalankhule ndi kampani," n'kulemba nambala pa kapepala, n'kuliza galimoto kumapita.

Funso limene ndikufuna kuti tiganizire pamodzi lili ndi mbali ziwiri. Munthu amene waphwanya galimoto ya mnzake, akatulutsa pepala la seguro, ija abale athu a ku Malawi amati inshuwaransi, kodi mlandu wake wathera pomwepo? Nanga wophwanyiridwayo, poti ndalama zikachokera ku kampani osati m'thumba la amene wamugunda, kodi ndi womasuka kutapa mmene dzanja lake lingathere?

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya anthu a m'tauni, a ku Tete kapena ku Beira. Sichoncho ayi. Msewu wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè, ndi uja wopatuka pa Mussacama kudzera ku Ulóngwè mpaka ku Calómuè, imadutsa m'midzi yathu, ndipo malole akuluakulu amayendamo usana ndi usiku. Mbatatesi za ku Tsangano, nyemba ndi soya za ku Angónia, siziyenda pamutu kukafika ku misika. Anyamata athu ambiri akudyera njinga zamoto. Amene alibe galimoto amakwera chapa, kapena amabwereka ya mnansi wodwala akafooka usiku. Choncho galimoto imodzi ikakhala pa oficina milungu itatu, amamva kuwawa ndi mabanja ambiri, osati mwini wake yekha.

Ng'ombe zikalowa m'munda

Makolo athu analibe galimoto, koma nkhani ya kuononga chinthu cha mnzako mosafuna ankaidziwa bwino lomwe. Kuno kumene ng'ombe zili zambiri, palibe mudzi umene sunaweruzepo mlandu wa ziweto zolowa m'munda kapena m'dimba la wina. Mwini ng'ombe sanafune kuti chimanga cha mnzake chidyedwe. Mwina mbusa anagona pansi pa mtengo, mwina khola linathyoka usiku. Komabe palibe amene amati poti sanachite dala ndiye kuti mlandu palibe.

Tikaonetsetsa mmene mlandu wotere umayendera, timapezamo zinthu zitatu. Choyamba, mwini ng'ombe amafika yekha. Satumiza mwana kuti akamumverere. Amakaima pamene ng'ombe zake zaponda, n'kuonana maso ndi maso ndi mwini munda. Chachiwiri, pamakhala kuyeza. Nyakwawa kapena nduna zake, pamodzi ndi mboni, amayenda m'mizere kuwerenga mapando odyedwa. Pamene chimanga chinafa kale ndi kaufiti kapena chiswe sawerengapo, ngakhale mwini munda atalira chotani. Ndiponso safunsa kuti khola la wolakwayo ndi lalikulu bwanji, chifukwa cholipira chimatsata chodyedwa. Chachitatu ndi kubweza: matumba a chimanga pa nthawi yokolola, kapena ndalama, kapena mbuzi. Zikatha amagwirana chanza, popeza mawa adzakumananso pa maliro kapena pa msika.

Kufika, kuyeza moona, kubweza. Ine ndikuona kuti zitatuzi sizinasinthe chifukwa choti ng'ombe zalowedwa m'malo ndi Toyota. Chimene chasintha n'chakuti tsopano pabwera wachitatu, kampani ya seguro, amene akuti atithandize kusenza. Ndiye tiyenera kufunsa kuti pa zitatuzi, n'chiti chimene munthu angatule pamutu pa wina, ndipo n'chiti chimene ayenera kusenza yekha.

Chimene seguro imachita

M'dziko lathu lino, lamulo nambala 2 la chaka cha 2003 linakhazikitsa kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale ndi seguro yolipira anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwaonongera katundu. Imeneyi ndi ija timaitchula kuti contra terceiros. Ambiri amadzadziwa tsiku la ngozi kuti seguro imeneyi sikonza galimoto ya mwini pepala. Imakonza ya amene wagundidwa. Yokonza yako yomwe ndi ina, ya todos os riscos, ndipo ndi yodula. Galimoto yochokera kunja nayonso iyenera kukhala ndi seguro yogwira ntchito kuno, n'chifukwa chake mumaona timaofesi togulitsa mapepalawa pa Zóbuè ndi pa Calómuè. Yellow Card ya COMESA, imene madalaivala amayendera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, sigwira ntchito kuno, poti Mozambique sili m'bungwelo.

Maganizo ake ndi osavuta. Eni galimoto ambirimbiri amaponya aliyense pang'ono m'nkhokwe imodzi chaka ndi chaka. Tsoka silinunkha, palibe amene akudziwa kuti ligwera yani, koma amene lamugwera amatapa m'nkhokwemo. Imasiyana ndi xitique, kumene aliyense amadikira tsiku lake lolandira. Pa seguro, wodala ndi amene waponya zaka khumi osatapapo.

Kayendedwe kake nako tikakaona bwino si kachilendo. Ngozi ikachitika, apolisi a pamsewu amafika, amaona pamene galimoto zaima, amalemba ndi kujambula mmene zakhalira. Mwini pepala amadziwitsa kampani m'masiku owerengeka amene alembedwa pa apólice yake. Kampani imatumiza woyeza, amene timamutcha perito, kuti akaone chimene chaphwanyika galimoto isanagwiridwe ndi makaniko. Oficina imalemba mtengo wokonzera, kampani imavomera kapena imatsitsa, ndipo ikaona kuti kukonza kuposa mtengo wa galimoto yonseyo, imati yatheratu, n'kulipira mtengo umene galimotoyo inali nawo tsiku la ngozi, osati wa yatsopano. Amene akukonzetsa yake yomwe amayamba walipira gawo lake, lotchedwa franquia, kampani n'kumaliza chotsalacho.

Kodi perito ameneyu si nduna ija yowerenga mapando? Lamulo limene amatsata ndi lomwe lija la kumunda: kumubwezera munthu pamene anali, osamutsitsa ndiponso osamukweza. Ndipo pa nkhani ya kubweza, seguro ndi chinthu chabwino kwambiri, sindingachinyoze. Taganizani mlimi amene wasunga ndalama za fodya zaka zinayi n'kugula kagalimoto kakale, ndiye tsiku lina mabuleki alephera wagunda galimoto ya mtengo wa khola lonse la ng'ombe. Popanda seguro, banja lake lingagulitse ziweto, malata a nyumba ndi njinga, ngongole n'kutsalabe. Wogundidwayo nayenso angadikire zaka osalandira kanthu, chifukwa sungafinye madzi pa mwala. Mutu umodzi susenza denga. Kubweza ndi katundu amene munthu angagawane ndi anzake popanda manyazi.

Chimene pepala silingachite

Vuto limayamba pamene munthu aganiza kuti pogula pepalalo wagula zonse zitatu. Pepala lingalipire bampala ndi chitseko, koma silingaime pamaso pa munthu amene akunjenjemera m'mbali mwa msewu n'kumufunsa ngati ali bwino. Silingapite kuchipatala mawa lake kukaona wokwera njinga amene wathyoka mwendo. Silingaimbe foni patapita sabata kufunsa kuti, "Kodi akuthandizani?" Kufika kulibe wotuma.

Pano pali chotsutsa chimene ndiyenera kuchilemekeza. Makampani a seguro amalangiza anthu awo kuti asavomere kulakwa kapena kulonjeza ndalama pamalo a ngozi kampani isanadziwe. Chifukwa chake chilipo. Munthu amene wangochita ngozi mutu wake sukhala bwino, angavomere chimene sanachite pofuna kuti anthu asiye kumukuwiza. Ndiponso amene akalipire ndi kampani, choncho ili ndi ufulu woona kaye. Tsono ena amatenga langizoli n'kulisandutsa chilolezo choumitsa nkhope. Amaima chete, manja m'thumba, kuopa kuti mawu akuti pepani angawamange.

Koma tiyeni timvetsere chilankhulo chathu chomwe. Pepani timanena kwa anamfedwa, ngakhale sitinaphe munthu ndife. Timanena kwa wodwala malungo, timanena kwa mlendo amene wapunthwa pa chitsa chimene sitinachiike ndife. Mawuwa amatanthauza kuti ndaona kuwawa kwako ndipo sindikukudutsa ngati mtengo. Sagamula mlandu. Kugamula kuti wolakwa ndani ndi ntchito ya apolisi, ya perito, ndipo zikavuta ya khoti. Koma kunena chimene chachitika ndi ntchito ya amene analipo. Munthu angathe kunena kuti, "Ndimatuluka pa mphambano, sindinakuoneni," osatchula ndalama, osasaina kanthu. Pangano lililonse limene lingamuuze kuti aname, kapena kuti akane zimene maso ake aona, ndi pangano loipa, ndipo munthu wa ulemu wake sangabisale kumbuyo kwake.

Ena adzati pepani sapoletsa chilonda. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake kubweza kulipo. Koma kubweza popanda kufika nako kumasiya chilonda china. Tiyerekeze mayi wochita malonda amene ali ndi kagalimoto konyamulira mbatatesi kupita ku Tete kawiri pa sabata. Wagundidwa kumbuyo ndi munthu amene ali ndi seguro yabwinobwino. Kampani yavomera kukonza. Koma perito afike, mtengo uvomerezedwe, zipangizo zifunidwe ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mwezi watha. M'mwezi umenewo mbatatesi zimene anagula kale zaola, makasitomala ake apeza wina, sukulu ya ana ikufuna ndalama. Lamulo limalola munthu kupempha kuti alipidwe phindu limene wataya, koma amafunsidwa umboni wolembedwa. Mayi wogula mbatatesi m'minda, wolipira pamanja, adzatenga kuti factura? Pamene pepala lathera, pamatsala mpata, ndipo amene amagweramo nthawi zonse ndi uja alibe mapepala.

Kodi mpata umenewo ndi wa yani? Pamaso pa lamulo, mwina wogundayo alibenso chofunsidwa. Koma ine ndikuti pamaso pa umunthu akadali ndi gawo. Sindikunena kuti agulitse nyumba. Ndikunena kuti adziwitse kampani yake tsiku lomwelo, osachita ulesi poti galimoto yoima si yake. Apereke mapepala onse ofunika, ayankhe foni, akakamize kampani yake kuti ifulumire, popeza iye ndiye kasitomala wawo ndipo mawu ake amamveka kuposa a mayiyo. Ngati ali ndi galimoto ina, amunyamulireko katundu ulendo umodzi kapena iwiri. Zimenezi palibe woweruza amene angamulamule. N'chifukwa chake zimasonyeza kuti iye ndi munthu wotani.

Wophwanyiridwa nayenso ali pa mayeso

Tsopano titembenuke, chifukwa mayeso sali kwa wogunda yekha. Tiyerekeze bambo amene galimoto yake yagundidwa chakumanzere, nyali yasweka, chitseko chapindika. Galasi lakutsogolo linali ndi mng'alu kuyambira chaka chatha, pamene mwala unadumpha pa msewu wa fumbi. Afika ku oficina, ndipo makaniko amuuza motsitsa mawu kuti, "Akulu, galasi ili tilembepo limodzi. Perito sadziwa kuti linang'aluka liti." Mtengo woona unali mametikali 40,000, ndipo papepala palembedwa 55,000. Nthawi zina zimakhala zina: amene akukonzetsa yake amapempha makaniko kuti akweze mtengo kuti franquia ibisike momwemo.

Anthu ambiri amene amachita zimenezi si akuba m'moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Sangatenge nkhuku ya mnansi. Amapita kutchalitchi kapena kumzikiti. Akanakhala kuti wolipira ndi munthu amene amamudziwa, sakanayerekeza kumuonjezera galasi lakale. Chimene chimawamasula ndi chakuti kampani ilibe nkhope. Ili kutali ku Maputo, ili ndi nyumba zosanja, siidzamva kuwawa. Mwa njira iyi, matenda omwe aja a wogunda amugwiranso wogundidwa. Woyambayo anati, "Si ine wolipira, choncho sindifika." Wachiwiriyu akuti, "Si munthu wolipira, choncho sindiyeza moona."

Koma kodi n'zoona kuti palibe munthu kumbuyo kwa nkhokwe ija? Ndalama zili mmenemo zinachokera kwa mwini chapa wa ku Ulóngwè, kwa mphunzitsi amene ali ndi kagalimoto kake, kwa mlimi wa fodya uja. Kampani ikaona kuti zotuluka zachuluka, siichotsa pa malipiro a mabwana ake. Imakweza mtengo wa pepala chaka chamawa, ndipo mwini chapa amakweza mtengo wokwerera, n'kufika kwa mayi wopita kuchipatala ndi mwana kumbuyo. Chinanso, bodza lililonse limene perito aligwira limamuphunzitsa kukayika aliyense. Mawa akafika kwa munthu woona mtima, amamuyang'ana ngati wakuba, amafuna mapepala ena, amachedwetsa. Amene anaonjeza galasi lakale wawerengera ng'ombe mapando amene anadyedwa ndi chiswe. Kumudzi tikanamuseka, ndipo tsiku lina ng'ombe zikanadzamudyeradi, palibe akanamukhulupirira.

Pa wayilesi yathu ya m'dera, tikatsegula mafoni pa nkhani ya ngozi za pamsewu, yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti, "Nanga iwowo satibera?" Anthu amanena za kulipira zaka zambiri, tsiku la tsoka n'kuuzidwa kuti pali mawu ang'onoang'ono m'pangano amene sanawerenge. Amanena za kuyenda maulendo ku Tete, ndalama zoyendera n'kutsala pang'ono kufanana ndi zimene akufuna. Amanena za kulipidwa mtengo wochepa woti sungagule galimoto ina yofanana ndi yotayikayo. Madandaulo amenewa sindiwapeputsa. Kampani imene imalandira mofulumira n'kumalipira mochedwa, kapena imene imagulitsa pepala la Chipwitikizi chovuta kwa munthu osamufotokozera m'chilankhulo chake, nayonso yaphwanya lamulo la kuyeza moona. Kuona mtima sikufunidwa kwa osauka okha.

Komabe bodza la pa oficina silibwezera amene anachitiridwa zoipa. Mayi wa mbatatesi uja salandirapo kanthu pa galasi la bambo wina. Chimene chimachitika n'chakuti wochenjera amadya, wofatsa n'kulipira kawiri. Njira ya wolakwiridwa ilipo ngakhale ndi yaitali. Asunge kope la pepala lililonse limene wapereka, alembe tsiku ndi dzina la amene walandira, ndipo akakanidwa apemphe kuti chifukwa chake chilembedwe. Pali bungwe la boma loyang'anira makampaniwa, kumene dandaulo lingapite. Pali IPAJ, imene imathandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya. Anthu khumi odandaula poyera ndi mapepala m'manja amagwedeza kampani kuposa anthu zana onama mobisa.

Mmisiri ndi chitsulo chobisika

Sindingasiye nkhaniyi osanena za amisiri, chifukwa iwo ndi amene amaona chimene tonsefe sitiona. Bate-chapa waluso angawongole chitseko, kupaka massa, kuthira penti, galimoto n'kuwala ngati yatsopano. Luso limenelo ndi loyamikika. Koma massa yomweyo ingabisenso chasisi yopindika kapena chitsulo cha chiwongolero chimene chang'aluka. Makaniko angalembe mtengo wa chipangizo chatsopano n'kuikamo chakale chochotsa m'galimoto yakufa. Chipangizo chakale si tchimo, ambiri timayendera zimenezo ndipo zina ndi zolimba, koma mwini galimoto auzidwe ndipo alipire mtengo wa chakale.

Apa nkhani yapitirira ndalama. Galimoto imene yaphimbidwa chilema idzanyamula anthu khumi ndi asanu potsetsereka pa mapiri a ku Zóbuè, kapena idzagulitsidwa kwa munthu amene sakudziwa mbiri yake. Mmisiri amene wabisa mng'alu wa chiwongolero wakonza ngozi yachiwiri, ndipo imeneyo palibe seguro imene ingaibweze. Mwini galimoto amene walandira ndalama zokonzera n'kudya theka, n'kuuza makaniko kuti angophimba, ali m'mlandu womwewo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo wokwera galimotoyo angakhale mwana wako.

Kukambirana pamsewu

Ngozi zambiri zing'onozing'ono kwathu kuno sizifika ku kampani. Anthu amati, "Tikambirane konkuno," n'kupita limodzi kwa makaniko, wolakwa n'kulipira. Ine sindiona choipa pa zimenezi pamene palibe wovulala ndipo choonongeka n'chochepa. Ndipo m'njira ina ndi pamene zitatu zija zimakumana bwino, chifukwa anthu aonana, ayeza pamodzi, abwezerana. Makhoti a m'midzi amene lamulo la 1992 linakhazikitsa amayendera mzimu womwewo wa kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono.

Koma kukambirana kumakhala kwa chilungamo pokhapokha onse awiri ali omasuka kukana. Bwana wa galimoto yaikulu akatulutsa mametikali 2,000 kwa mnyamata wa njinga yamoto amene akuopa apolisi poti alibe mapepala, n'kumuuza kuti zathera pomwepo, kumeneko si kukambirana. Ndi kugula mantha a munthu. Chimodzimodzinso khamu likazungulira dalaivala wachilendo n'kumutchulira mtengo woti sangakane. Ndiponso tili pa malire: wolonjeza lero angawoloke mawa, foni yake n'kusiya kugwira. Choncho ngakhale pogwirizana mwamtendere, kujambula zithunzi pa foni galimoto zisanasunthidwe, kulemba nambala za galimoto ndi za seguro, ndi kulemba pangano pamaso pa mboni, si kusakhulupirirana. Makolo aja ankapitanso ndi mboni kumunda. Ndipo pamene munthu wavulala, nkhaniyo siithera pamsewu. Kupweteka kwa m'mutu kapena m'mimba kumatha kuonekera mawa lake, ndipo popanda lipoti la apolisi ndi la chipatala wovulalayo adzasowa pogwira.

Gawo la mudzi

Pali chinthu chimodzi chimene chimalepheretsa kufika, ndipo chimenechi chili m'manja mwa ife okhala m'mbali mwa msewu. Madalaivala ambiri amathawa pa ngozi, ndipo ukawafunsa amati amaopa kumenyedwa kapena kuotcheredwa galimoto. Kusiya wovulala pamsewu ndi mlandu pa malamulo a dziko, ndipo ndi choipa pamaso pa aliyense. Amene waopadi moyo wake ayenera kulunjika ku polisi yapafupi nthawi yomweyo kukanena, osati kukabisa galimoto. Koma ifenso tidzifunse. Ngati mudzi wathu umadziwika kuti umalandira dalaivala ndi miyala, ndiye kuti tikuphunzitsa aliyense wodutsa kuti asaime. Amene amavutika ndi mwana wathu yemwe wagona pamsewu, pamene galimoto yokhayo imene ikanamuthamangitsira kuchipatala yathawa. Amenenso amatola katundu wa lole yogubuduzika dalaivala akubuula mkati, asadzadandaule za kuuma mtima kwa makampani. Sitingafune kuti anthu azifika ngati sitiwasiyira malo oti afikepo.

Yankho langa

Ndiye kodi pepala lingapepese? Ayi, ndipo silinapangidwire zimenezo. Linapangidwa kuti tsoka la munthu mmodzi lisagwetse banja lake, ndi kuti wophwanyiridwa asadikire chifundo cha munthu wopanda kanthu. Pa ntchito imeneyo ndi labwino, ndipo woyendetsa galimoto popanda pepalali akuika katundu wake pamutu pa anthu osalakwa amene sanamulole. Koma limasenza chimodzi chokha mwa zitatu zija. Kufika kumatsalira wogunda. Kuyeza moona kumatsalira onse: wogunda pofotokoza chimene chachitika, wogundidwa potchula chimene chaphwanyika, mmisiri polemba mtengo, kampani polipira pa nthawi yake.

Akuluakulu amati mlandu suola. Kampani ingatseke fayilo, galimoto ingatuluke mu oficina ikuwala, koma anthu awiri aja adzakumanabe pa msika wa Lizulu kapena pa mzere wa pa malire. Tsiku limenelo palibe adzafunse kuti seguro inalipira zingati. Wina adzakumbukira kuti munthu uyu anaima, anandifunsa ngati ndavulala, anandiimbira foni. Winayo adzakumbukira kuti munthu uyu sanandinamizire galasi limene sindinaswe. Akatha kupatsana moni mosazemba maso, pamenepo ndiye kuti mlandu watha.